Chingerezi Chakwana, Nanga Mfundo Zili Kuti?

Pa kiyosiki ya madzi ku Misesa, m'mbali mwa phiri la Soche, mlandu suchedwa kubuka. Madzi akayamba kutuluka patapita masiku awiri mipopi ili youma, ndowa ndi zigubu zimene zinagona pamzere zimapeza eni ake, ndipo sipalephera kupezeka wina amene wadumphidwa. Akakhala mtsikana wa Fomu 4 amene walakwiridwa, muonetsetseni. Sayamba ndi kukalipa. Amawerama pang'ono n'kunena kuti, "Pepani amayi, ndimati ndifunse nawo." Kenaka amaloza chigubu chake chachikasu, chija chomanga kansanza kofiira pachigwiriro, n'kutchula nthawi imene anachisiya dzulo, n'kuitana mayi wogulitsa madzi kuti aikire umboni. Amayi aja akati asiya mwana wodwala kunyumba, iye satsutsa. Amavomera kuti atunge ndowa imodzi athamangire mwanayo, koma zitatu zinazo zidikire nthawi yake. Apamzere amangoti, "Wanena zoona mwanayu," nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachisanu masana mtsikana yemweyo waima kutsogolo kwa kalasi pa dibeti. Mutu wake ndi uja wakalekale, woti sukulu yogonera komweko iposa yoyendera. Mphindi yoyamba imathera kulonjera wapampando, oweruza, wosunga nthawi ndi anzake, m'Chingerezi chosalala chimene analoweza ali Fomu 1. Akatero amayamba kuponya mawu olemera: "paramount", "detrimental", "exacerbate". Liwu lililonse likagwa, kalasi imafuula ndi kumenya madesiki. Akakhala pansi, funsani aliyense wa ofuula aja kuti mnzawoyo wapereka chifukwa chanji. Adzakuuzani kuti Chingerezi amachitha. Chifukwacho palibe wachigwira, pakuti sichinanenedwe.

Luso lokopa anthu ndi mfundo mwanayu ali nalo, Chingerezi nachonso akuchidziwa, koma ziwirizi zili ngati oyandikana nyumba amene sapatsana moto. Ndipo sali yekha. Alipo ambiri ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amene galamala inasiya kuwavuta: ophunzira a Fomu 3 ndi 4, a chaka choyamba ku MUBAS ndi KUHeS, anamwino okonzekera mayeso a IELTS, achinyamata olemba makalata opempha thandizo la fizi, alembi a makomiti a chitukuko m'madera. Onsewa afika poti kupewa zolakwa sikukwanira. Chofunika n'chakuti wowerenga kapena womvera asinthe maganizo ndi kuchitapo kanthu. Gawo limeneli ndi lovuta kuphunzitsa kuposa matensi, chifukwa lilibe yankho limodzi loti mphunzitsi achonge.

Kuti zifike apa pali mbiri yake. Chichokereni msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa 1968, umene unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko n'kusunga Chingerezi pa ntchito za boma, mwana wa ku Malawi wakhala akuphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, n'kudumphira m'Chingerezi mu Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la 2013 linapitirira apo ponena kuti Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira. Wolephera Chingerezi pa mayeso a MANEB salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza chotani. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limati wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali m'zokambirana za Nyumba ya Malamulo. Chiyankhulo chikasanduka chipata chotere, aliyense amaika mtima pa kusalakwitsa. Mphunzitsi amasaka zolakwa ndi cholembera chofiira, wophunzira n'kubisala kuseri kwa ziganizo zoloweza.

Palinso china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Kwa zaka pafupifupi 30, kutsutsa kunali koopsa m'dziko muno. Ngodya zinayi za nthawi ya chipani chimodzi zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kufunsa mafunso kunalibe ngodya yake. A Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu Sepitembala 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mphunzitsi wa Chingerezi wa nthawi imeneyo, poona zotere, ankadziwa kuti mutu wa dibeti wosaputa mavuto ndi woti pakati pa dokotala ndi mphunzitsi wofunika ndani. Mitu imeneyi inatsalira, ndipo amene anakula nayo ndiwo anaphunzitsa aphunzitsi a lero. Kenaka mu 1994, pulayimale itakhala yaulere, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. M'kalasi ya ana 100 chachidule n'chakuti mphunzitsi alembe pabolodi, ana akopere.

Koma sizinali choncho chiyambire. Mu 1956 a Henry Masauko Chipembere, amene anadzera pa Blantyre Secondary School, ndi a Kanyama Chiume analowa m'nyumba ya malamulo ya atsamunda ku Zomba ali anyamata osakwana zaka 30, ndipo anapanikiza boma ndi mafunso potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kotero kuti Hansard, buku losunga zokambirana za nyumbayo, anthu ankaligula n'kumaliwerenga ngati nyuzipepala.

Katswiri wa maphunziro a ziyankhulo wogwira ntchito ku Canada, Jim Cummins, anasiyanitsa mu 1979 chiyankhulo chochezera ndi chiyankhulo chophunzirira. Poona ana a anthu osamukira ku Canada, anapeza kuti chochezera amachigwira m'zaka ziwiri, koma chophunzirira, chija chofotokozera zifukwa ndi kuyerekeza maganizo, chimawatengera zaka 5 mpaka 7. Amenewo ndi ana ozingidwa ndi Chingerezi usana ndi usiku, osati wa ku Misesa amene amachisiya pageti la sukulu. Komabe Cummins ananenanso china chopatsa chiyembekezo: luso loganiza limene munthu wapeza m'chiyankhulo chake silitayika akalowa m'chinzake. Mtsikana wa pa kiyosiki safunika kuphunziranso kuganiza. Afunika womuolotsa.

Kuolokako kuyambire pabwalo la amfumu. Ngakhale m'tauni muno mabwalo alipo. Mikangano ya malire a puloti, ya lendi ndi ya m'banja imadzera kwa amfumu a m'dera kapena kwa ankhoswe isanafike kukhothi. Wodandaula amafotokoza osadulidwa. Wodandaulidwa amayankha. Mboni zimafunsidwa chimene zinaona ndi maso, osati chimene zinamva kwa ena. Nduna imabwereza mawu a mbali zonse ziwiri kuti aliyense avomere kuti zake zamveka, mfumu n'kuyankhula pomalizira. Mwana amene anakhalapo pansi pa mtengo wa mango kumvera mlandu wotere waona kale zimene mabuku amaphunzitsa ndi mayina achilendo. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Aristotle ananena kuti munthu amakopeka ndi zinthu zitatu: khalidwe la woyankhula, zimene zamugwira mtima, ndi mfundo zenizenizo. Pa kiyosiki paja zonse zitatu zinalipo. Ulemu unam'patsa mpata womvedwa, kulolera za mwana wodwala kunakoka mitima, kansanza kofiira ndi mboni zinamaliza ntchito.

Amene anaphwanya nkhaniyi mothandiza mphunzitsi ndi Stephen Toulmin, m'buku lake la 1958 lotchedwa The Uses of Argument, ndipo njira yake imamveka bwino ikayesedwa pa nkhani imene mwana aliyense wa kuno amaidziwa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwake, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mutu wa dibeti nawu: kodi okhala m'mapiri a Blantyre asamutsidwe mokakamiza? Wophunzira amati inde, chifukwa Freddy anapha anthu. Pamenepo wanena ganizo ndi umboni, ndipo ambiri amaima pomwepo. Toulmin amafunsa chachitatu: n'chiyani chikulumikiza imfa za 2023 ndi kusamutsa anthu chaka chino? Wophunzira ayenera kutulutsa poyera zimene wangoziganizira mumtima, zoti phiri lopanda mitengo limene linagumuka kamodzi lingagumukenso, ndi zoti boma lili ndi udindo woteteza moyo ngakhale mwini moyoyo akukana. Zikangotuluka, mnzake amapeza pogwira. Anganene kuti anthu anakwera phirilo chifukwa lendi m'munsi ndi yodula ndipo ganyu ali ku Limbe, moti kuwasamutsira kutali kopanda ntchito n'chimodzimodzi kuwauza kuti abwerere. Woyamba uja tsopano akakamizika kuchepetsa ganizo lake: mwina osati onse, koma omanga m'njira za madzi, osati mawa, koma malo ena oyandikira ntchito akapezeka. Ganizo lochepetsedwalo ndi lovuta kuligwetsa kuposa loyamba lija, ndipo wophunzira amadabwa kuona kuti kulolera pang'ono kwamulimbitsa.

Mutu wotere umafuna mphunzitsi wosamala, pakuti m'kalasimo mungakhale wina amene anataya abale, ndipo ameneyo asaumirizidwe kuyankhula. Ena anganene kuti ndi bwino kuupewa ndithu. Koma ana amenewa amaukambirana kale m'minibasi ndi pamaliro, ndipo akuyenera kupatsidwa malo oukambirana mwadongosolo.

Si zonse za pabwalo zimene zimaoloka bwinobwino. Taonani mwambi. Pabwalo mwambi ndiwo umagwira ntchito yolumikiza ija. Mkulu akati fodya wako ndi amene ali pamphuno, onse amagwedeza mutu chifukwa anakula nawo. Ukaumasulira m'chimangirizo cha Chingerezi, wochonga wa kunja kapena mphunzitsi wa ku yunivesite amauona ngati chokometsera chabe, n'kumadikirabe chifukwa. Kuletsa miyambi sikungathandize, chothandiza n'kuigundanitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, komanso pakadafunda padajiwitsa. Wina ukuti dikira, wina ukuti fulumira. Wophunzira afotokoze m'Chingerezi kuti pa nkhani yosamutsa anthu ku Soche woyenera ndi uti ndipo chifukwa chiyani. Akatha kutero ndiye kuti wazindikira zoti mwambi nawonso umafuna kuikiridwa kumbuyo.

Kwinanso kosiyana ndi poika mfundo yaikulu. Wopita kwa apongozi kukapempha kanthu sayamba ndi pempho. Amafunsa za moyo, za mvula, za ana, pempho n'kubwera kumapeto. Wochonga chimangirizo cha IELTS, chimene chimafuna mawu osachepera 250 m'mphindi pafupifupi 40, amafuna adziwe m'ndime yoyamba mbali imene wolemba waima. Mu 1966 Robert Kaplan wa ku America anajambula mizere yoonetsa kuti olemba Chingerezi amayenda molunjika pamene a ziyankhulo zina amazungulira, ganizo limene ambiri analitsutsa pambuyo pake, ndipo anachita bwino kulitsutsa. Woyankhula Chichewa sazungulira chifukwa chosokonezeka. Amadziwa amene akuyankhula naye. Mphunzitsi wouza ana kuti Chichewa n'chozungulira akuwaphunzitsa kunyoza chuma chawo. Chowauza n'chakuti wowerenga uyu ali ndi mulu wa mapepala patebulo, ndiye mupatseni mfundo pakhomo pomwe.

Chodabwitsa n'chakuti ulemu womwewo, pamene ukanawathandiza, amausiya kutsidya. M'Chichewa mwana amadziwa kunena kuti mwina, kapena, ndimaona ngati, ena mwa iwo. Akalowa m'Chingerezi amasanduka wamakani: "all", "never", "always", "everyone knows". Awa ndi mawu amene anaphunzira koyambirira, ndipo amamveka amphamvu. Koma wolemba kuti anyamata onse a kabaza alibe ziphaso amagwetsedwa ndi mnyamata mmodzi yekha wotulutsa laisensi m'thumba. Timawu tating'ono monga "most", "may", "tends to", "unless" ndi "although" ndito timasenza mtsutso wa Chingerezi. Sabata imodzi yophunzira "although" yekha, kuvomera mfundo ya mnzako m'theka loyamba la chiganizo n'kuipitirira m'theka lachiwiri, imapindula kuposa mndandanda wa mawu 100 olemera. Pali ena olumikizira, monga "moreover" ndi "furthermore", amene ophunzira amangowaza ngati mchere m'ndiwo. Kuwayesa n'kosavuta: afufutidwe onse, pepala liwerengedwenso. Nthawi zambiri zimapezeka kuti mfundozo zinangosanjikizana ngati njerwa zopanda matope.

Zitsanzo zophunzitsira siziyenera kuchokera kutali. Mabuku ambiri amatenga zoyankhula za Martin Luther King kapena Nelson Mandela, ndipo n'zabwino ndithu, koma ulendo waufupi kuchokera ku Limbe kuli Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kumene mbusa John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangoyamba, ndipo asilikali akuda anali atafa kale ku Karonga mu Sepitembala. A Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia ku America, sanayambe ndi mkwiyo. Anakumbutsa boma kuti anthu a ku Nyasaland anali atalimenyera kale nkhondo mokhulupirika. Anafunsanso ngati anthuwo adzapindule kanthu nkhondo ikatha, nayerekeza nthawi ya mtendere, pamene zabwino zinali za Azungu okha, ndi nthawi ya nkhondo, pamene wakuda ankafunidwa kuti akakhetse magazi. Anati eni chuma ndi eni minda ndiwo apite, osati amphawi osiya akazi ndi ana amasiye pa nkhondo yosakhala yawo. Boma linatsekereza kalatayo, ndipo pa 23 Januwale 1915 a Chilembwe anaukira. Ophunzira amaona nkhope yawo pa K2,000, amapuma pa 15 Januwale, koma kalatayo, imene ingawerengedwe m'phunziro limodzi, ambiri imawapita. Muli zonse: kuyamba ndi chimene wotsutsana naye sangakane, funso, kuyerekeza, chithunzi chogwira mtima. Mulinso choonadi chowawa, choti mfundo yabwino ikhoza kukanidwa ndi amene ali ndi mphamvu.

Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 imaphunzitsa kasanjidwe. Inatuluka m'Chingerezi, Chichewa ndi Chitumbuka, m'mawu oti aliyense amve. Inadzera kaye pa zimene munthu aliyense ankaziona: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, makalasi odzaza, zipatala zoperewera, ndipo inayamikira pamene boma linachita bwino. Omvera atagwedeza mutu kangapo, inafika pa zoopsa zija: ufulu woyankhula, kutsekera anthu popanda mlandu, makhothi oima paokha. Boma linaitcha youkira, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, koma mawu anali atatuluka. Mu Meyi ogwira ntchito pa David Whitehead mu Blantyre ananyanyala, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Mphunzitsi akadula kalatayi m'ndimendime n'kupatsa magulu kuti aisanje, ana amazindikira okha chifukwa chake ndime ya ufulu sikanayenera kutsogola.

Achinyamata a lero nawo ali ndi sukulu yawo imene anaimvera pa wailesi. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 2019 mlandu wa chisankho cha pulezidenti unkaulutsidwa uli mkati, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, ndipo m'maminibasi a Limbe, m'masaluni ndi m'mashopu owotcherera zitsulo anthu ankatsatira mafunso a maloya ngati mpira wa Bullets ndi Wanderers. Kaya munthu anali mbali iti, anamva mboni ikuuzidwa kuti ionetse tsamba, itchule senta, inene ngati inaona yokha. Anamva kuti kukweza mawu sikuthandiza pamene pepala lofufutidwa ndi tipeksi lili patebulo. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anatha tsiku lonse akupereka chigamulo cha masamba pafupifupi 500, mfundo ndi mfundo, kuyankha mbali iliyonse. Funso loti umboni wake uli kuti linalowa m'makwalala nthawi imeneyo, ndipo chatsala n'kulilowetsa m'kalasi.

Wokayika zoti umboni uposa mawu olemera akumbukire William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene mu 2007 anaima pa msonkhano wa TED ku Arusha ali ndi zaka 19, Chingerezi chikumuthawa, ziganizo zake zazifupizifupi. Anthu anaona zithunzi za makina a mphepo amene anapanga ndi zidutswa za njinga ndi mapaipi. Anakhulupirira, namulipirira sukulu.

Nanga m'kalasi ya ana 80, phunziro la mphindi 40, zitheka bwanji? Dibeti ya masiku onse imayankhulitsa anthu 6 kapena 8, otsalawo n'kukhala oonerera. Mpikisano wa dibeti wa sukulu za sekondale za padziko lonse, umene unayamba mu 1988 ku Australia, uli ndi zinthu ziwiri zoyenera kubwereka ngakhale popanda holo: gulu silisankha lokha mbali yoima, ndipo wotsutsana naye akhoza kuimirira mnzake ali mkati moyankhula n'kupempha kuponya funso. Choyambacho chimaphunzitsa mwana kumvetsa ganizo limene sagwirizana nalo. Chachiwiricho chimapha kuloweza. Zotsalazo zitengedwe pabwalo. Ana akhale atatuatatu pa desiki pomwepo: wovomereza, wotsutsa ndi nduna. Asanayankhe, aliyense abwereze mfundo ya mnzake mpaka mnzakeyo avomere kuti ndi zomwedi ananena, lamulo limene katswiri wa za maganizo Carl Rogers analimbikitsa mu 1951 koma limene nduna zimalitsata kuyambira kale. Kenaka asinthane mbali. Phokoso limakhalapo, koma ana onse 80 ayankhula.

Mphindi zisanu zoyambirira zikhale za Chichewa. Apa aphunzitsi ena amakana, chifukwa sukulu zambiri zimalanga woyankhula chiyankhulo cha makolo pofuna kuti ana azolowere Chingerezi, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka: mwana wa ku Misesa alibe kwina koyeserera. Koma lamulo limene limamasula lilime la wa Fomu 1 limamanga maganizo a wa Fomu 4. Akayamba m'Chingerezi amanena zokhazo zimene ali nawo mawu ake. Akayamba m'Chichewa amapeza chimene akufunadi kunena, n'kuyamba kusaka mawu a Chingerezi ochinyamula, ndipo mawu osakidwa chotere saiwalika msanga.

Umboni nawo ulipo wambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60 anakhazikitsidwa mu 2015, makampani anakamang'ala kukhothi, ndipo khothi lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti chiletsocho chipitirire. Zifukwa za mbali zonse, za ngalande zotsekeka ndi za ntchito za m'mafakitale, zinatuluka mu The Nation ndi The Daily Times. Kuposa apo, wophunzira akhoza kudzipezera umboni yekha. Awerenge majumbo ali m'ngalande ya mamita 10 kuseri kwa msika, alembe maola amene a m'nyumba mwawo athera pa kiyosiki m'sabata imodzi, afunse amayi ogulitsa mandasi kuti akaleka jumbo adzakulungira chiyani ndipo pa mtengo wanji. Woyankhula nambala imene anawerenga yekha sanjenjemera akafunsidwa kumene anaitenga.

Cholembera chofiira chija nachonso chiyenera kusintha ntchito. Pa IELTS galamala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ofanana. Enawo ndi kuyankha funso, kugwirana kwa mfundo ndi kasankhidwe ka mawu. Pa MSCE, sipichi, lipoti ndi kalata zonse ndi malo a mfundo, ngakhale ophunzira ambiri amaziloweza m'mapamfuleti. Mphunzitsi wokhala ndi makope 200 sangalembe ndemanga yaitali pa lililonse, koma akhoza kuwerenga koyamba cholembera chili pansi, n'kusiya funso limodzi kumapeto: wadziwa bwanji? Kapena: wotsutsa adzati chiyani? Zolakwa za masipelo zidikire ulendo wachiwiri.

Pali makolo amene amaopa kuti zonsezi zibala ana amwano, ndipo mtsikana wodziwa kutsutsa amatchulidwa mayina msanga kuposa mnyamata. Amenewa akumbutsidwe za pa kiyosiki paja, pamene mwana anatsutsa wamkulu popanda kumuchititsa manyazi. Pali enanso amene amaopa kuti zibala akathyali odziwa kuveka bodza malaya a zoona. Nkhawa imeneyi ndi yoona, n'chifukwa chake kuphunzitsa kukopa kuyenera kuyendera limodzi ndi malamulo awiri osagwedezeka: osapeka nambala, osanyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake. Koma choopsa chachikulu chili kwa osaphunzitsidwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinachoka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya, popanda ndi mmodzi yemwe woonetsa umboni. Lero mphekesera zotere zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, zina m'Chingerezi chosalala. Mwana amene anazolowera kufunsidwa kuti wadziwa bwanji amafunsanso ena funso lomwelo.

Mayeso enieni a phunziroli ndi kalata yopita kwa munthu weniweni. Kalasi isankhe vuto looneka pawindo, monga ngalande yosefukira m'njira ya kusukulu dzinja lililonse, ilembere khansala wa dera kapena khonsolo ya mzinda ku Civic Centre. Kalata yoyamba imabwera ndi ndime yathunthu yothokoza, ina yodandaula kuti zinthu zaipa kwambiri, pempho lili pansi penipeni. Mphunzitsi amafunsa mtsikana uja wa chigubu chachikasu kuti akufuna akhansala achite chiyani, liti. Iye amati atumize anthu odzakonza ngalandeyo mvula ya Novembala isanayambe. Chiganizo chimenecho chimakwera pamwamba. Pansi pake pamabwera masiku amene ana anachedwa kapena kujomba chaka chatha polephera kuoloka, monga alili m'kaundula wa sukulu.

"Nanga akhansala akakana, adzati chiyani?"

"Adzati ndalama palibe, aphunzitsi."

"Ndiye ndime yachitatu iyankhe zimenezo."

Mtsikanayo amaluma cholembera kwa kanthawi, n'kufunsa anzake ngati makolo a m'deralo angavomere kubwera ndi makasu ndi mafosholo awo Loweruka, khonsolo itangopereka mapaipi ndi simenti. Manja angapo amakwera. Amawerama pa kope lake n'kuyamba ndime ija ndi "although".